Lipenga la ku Mgodi

Ku Moatize amaphulitsa mwala masana,
lipenga la ku mgodi likalira katatu.
Ana amangotseka makutu n'kupitiriza phada,
nkhuku zimabalalika n'kubwereranso ku madeya,
fumbi lakuda limatera pa zovala zoyanika.
Koma Firimino, mwamuna wanga,
wokonza njinga, imvi zili mbuu m'ndevu,
ndimam'peza pansi pa benchi, sipanala ili m'manja,
mawondo ali pachibwano,
akuitana Zakeyu, mng'ono wake,
amene maliro ake analiridwa popanda mtembo
chaka chija nkhondo inatseka msewu wa ku Zobue.

Anthu anena zambiri.
Mlamu wanga akuti ndi kachasu, chikhalirecho munthuyo samwa.
Kutchalitchi anamusanjika manja mpaka khosi kuwawa.
Inenso ndinamulasapo, ndisabise:
tsiku lina mwini njinga atachoka nayo yosakonzedwa
ndinati, ndi mwamuna wamtundu wanji
woopa phokoso limene mbuzi siliopa?
Sanayankhe. Usiku umenewo anagona pakhonde,
msana kukhoma, maso kunjira.

Linali dzino langa limene linatifikitsa kuchipatala.
Tili pamzere, nthaka inagunda,
mawindo ananjenjemera,
ndipo iye uyo, pansi pa mpando, pamaso pa anthu onse.
Namwino wina, mayi Dulise, sanamukoke mkono.
Anakhala pasimenti, yunifolomu yoyera ndi yonse,
n'kufunsa motsitsa:
Bambo, mukumva fungo lanji?
La mankhwala.
Kunjaku kukulira chiyani?
Njinga yamoto. Tcheni chake chauma.
Anatuluka yekha, pang'onopang'ono,
ngati fulu amene wamva kuti mapazi apita.

Mayiyo anandiuza pambali, tsaya langa lili chitupire:
si misala, si mizimu, si ulesi wa mtima.
Mabala ena satuluka magazi.
Mutu unamva kuti nkhondo inatha,
koma thupi kalatayo silinalandire.
Likamva kugunda limathamangira komwe linasiyidwa,
ndipo kumeneko kudakali tsiku lomwe lija.

Anayamba kupita Lachiwiri lililonse, monyinyirika,
kukacheza m'kachipinda ka kuseri kwa wodi.
Zimene amakamba sindifunsa.
Koma usiku wina wa mwezi wotentha,
tulo titasowa tonse awiri,
anayankhula akuyang'ana malata:
tinali pa malole awiri a mbatata za ku Angonia.
Ine ndinali pa yakutsogolo. Dzuwa linandiwotcha.
Ndinamupempha tisinthane,
chifukwa yakumbuyo inali ndi tenti.

Basi. Mawu ake anathera pomwepo.
Zaka zonsezi ndakhala ndikugona
pafupi ndi munthu wosenza mthunzi wa tenti,
ine n'kumawerenga ndalama za njinga zotayika.
Ndinafuna kunena kuti sunadziwe, unali mnyamata,
bomba sunakwirire ndiwe.
Ndinangogwira chala chake chaching'ono,
chija chopindika, mpaka tambala.

Sindinena kuti anachira.
Sitima ya malasha ikagunditsa mabogi usiku
amadzukabe thukuta lili kamukamu.
Pa Khirisimasi, ana akamaphulitsa makombola,
timatseka chitseko n'kukweza wailesi.

Koma lipenga likalira tsopano
ndimasiya tomato wanga pa thebulo, abe amene akuba,
n'kukaima pamene angandione.
Ndimatchula tsiku. Ndimatchula dzina la mdzukulu wathu, Selesite.
Ndimamufunsa mtengo wa chubu
ngakhale ndikuudziwa.
Masiku ena benchi imapambanabe.

Dzulo nthaka inagunda,
mapewa ake anakwera mpaka m'makutu,
milomo inayamba kuumba dzina lija,
koma dzanja silinasiye gudumu.
Linazungulira, masipoko akuthwanima m'fumbi,
iye akupuma, akupuma, akuwerenga,
kenako anati, osandiyang'ana:
Anastaziya, rimu iyi ndi yokhota,
mwini wake abwere mawa.